Nsabwe za m'mitengo ya makadamiya ndi tizilombo tomwe timazidya

Mlimi amene wabzala mtengo wa makadamiya wachita pangano lalitali ndi nthaka yake. Mbande yomezanitsa imatenga zaka zinayi kapena zisanu isanayambe kubereka, ndipo zokolola zokhutiritsa zimadza mtengo utapitirira zaka 10. M'zaka zonsezo banja limathirira, limapalira, limathira manyowa ndi kuteteza mbande ku mbuzi ndi moto wolusa, lisanaone ngakhale tambala imodzi. N'chifukwa chake mlimi akalawirira kumunda n'kupeza nsonga zanthete za mitengo yake zitada bii ndi tizilombo, masamba atapiringizika, mtima umamuuza kuti athamangire kumsika kukagula mankhwala.

Zimene zimatsatira n'zodziwika kwa alimi ambiri. Akapopera, tizilombo timafa ndipo munda umayera. Pakapita milungu iwiri kapena itatu, tizilombo tija tabwerera, mwina tochuluka kuposa poyamba. Mlimi amapoperanso, ndipo ndalama imene ikadagula ufa kapena kulipirira mwana sukulu imathera m'mabotolo. Phunziro lino likufotokoza chimene chimachititsa zimenezi, likutchula tizilombo tomwe timadya nsabwe m'munda mwaulere, ndiponso likusonyeza mmene anthu a m'mawodi a boma lino angatisamalire.

Nsabwe yake ndi yotani?

Nsabwe za zomera zilipo zamitundu yambiri, koma yomwe imapezeka kawirikawiri pamitengo ya makadamiya ndi yakuda kapena yoderako, yonyezimira, imene akatswiri amaitcha Toxoptera aurantii. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamilimita awiri. Thupi lake n'lofewa, ndipo kumbuyo kwake kuli timipope tiwiri tooneka ngati tinyanga, tomwe timaisiyanitsa ndi tizilombo tina tating'ono. Nsabwe yomweyi imagwiranso malalanje, mandimu, manachesi, khofi, tiyi, mango ndi mbibu. Motero munda wa makadamiya umene wayandikana ndi mitengo ya zipatso imeneyi sungasowe alendowa.

Pakamwa pa nsabwe pali kachubu kosongoka ngati singano. Imabaya nako tsamba lanthete kapena phesi la maluwa mpaka kufika m'timitsempha momwe mumayenda madzi a chakudya cha mtengo, n'kumayamwa usana ndi usiku. Tsamba lokhwima la makadamiya n'lolimba kwambiri moti kachubuko kamalephera kuliboola bwino. Ichi ndicho chifukwa chake nsabwe zimaunjikana kunsi kwa masamba ongophuka kumene, pansonga za nthambi ndi pamaluwa.

Nsabwe yamtundu umenewu ili ndi khalidwe lina lodabwitsa. Gulu lalikulu likasokonezedwa, zonse zimagwedeza matupi nthawi imodzi uku zikukhula miyendo yakumbuyo pamimba, ndipo munthu woyandikitsa khutu amatha kumva kaphokoso konga kukanda.

Mmene zimaswanirana

Mphamvu ya nsabwe yagona pa kuswana kwake. M'madera otentha ngati Malawi, nsabwe zimenezi zimakhala zazikazi zokhazokha, ndipo zimabereka popanda yaimuna. Siziikira mazira, zimabereka ana amoyo amene amayamba kuyamwa tsiku lomwelo. Mwanayo amafundula kanayi, ndipo nyengo ikakhala yofunda bwino amakhala atakula pakangotha pafupifupi mlungu umodzi, n'kuyamba kubereka nayenso. Timakungu toyera timene mlimi amationa titamatirira pamasamba ndi mafundudwa a nsabwe zimene zikukula.

Nsabwe imodzi imatha kubereka ana ofika 50 pamoyo wake. Ana onsewo atakhala ndi moyo n'kuberekanso chimodzimodzi, mbadwo wachiwiri ungakhale ndi nsabwe 2,500, ndipo wachitatu 125,000, zonse zochokera kwa kholo limodzi m'miyezi yosaposa iwiri. Pamalo pakathina, kapena tsamba likayamba kukhwima, zimabereka ana amene amamera mapiko. Amenewa amauluka kapena kutengedwa ndi mphepo kupita kumtengo wina kukayambitsa gulu latsopano.

Tsono funso loyenera kufunsa n'lakuti: ngati zimaswana chotere, bwanji mitengo yonse ya m'dziko sidakwiririke ndi nsabwe? Mvula yamphamvu imakokolola zina, kutentha kopitirira muyezo kumafooketsa zina, koma zochuluka zimadyedwa ndi adani awo zisanafike pobereka.

Kuononga kwake

Nsabwe zimaononga m'njira zitatu. Poyamba, zimalanda mtengo chakudya chimene chikadakulitsa nthambi, choncho nsonga zimapinimbira ndipo masamba amapiringizika. Kachiwiri, zikachuluka pamaluwa zimafooketsa maluwawo ndi timtedza tongoyamba kumene. Kachitatu, poti madzi amene zimayamwa ali ndi shuga wambiri kuposa amene thupi lawo likufuna, zimatulutsa timadzi tomata, totsekemera, tomwe timadonthera pamasamba a m'munsi. Pamadzi amenewa pamamera chuku chakuda ngati mwaye. Chukucho sichilowa m'kati mwa tsamba, koma chimatchinga kuwala kwa dzuwa kumene tsamba limapangira chakudya.

Pamafunika kuyeza bwino kukula kwa vutoli. Mtengo waukulu, wathanzi, umapirira nsabwe zapansonga zingapo popanda zokolola kutsika. Amene ali pachiopsezo chenicheni ndi mbande za kunazale, mphukira za pamalo omezanitsa, ndi mitengo ya zaka zochepa imene ili ndi nsonga zowerengeka. Adani aakulu a mtedza wa makadamiya m'dziko muno ndi ena: anunkhadala ndi abale awo, amene amabaya mtedza n'kuononga njere ya m'kati, komanso mbozi zoboola mtedza. Mlimi amene amathera ndalama zake pa nsabwe za pamtengo waukulu amafika nthawi ya adani enieniwa m'thumba muli mbee.

Nyerere: abusa a nsabwe

Paliponse pamene pali nsabwe zambiri pamapezekanso mzere wa nyerere zokwera ndi kutsika pathunthu la mtengo. Anthu ena amaganiza kuti nyererezo zikudya nsabwe. Zoona zake n'zakuti zikuziweta. Nyerere imasisita nsabwe ndi tinyanga take, nsabwe n'kutulutsa kadontho ka madzi otsekemera aja, nyerere n'kumwa. Pobwezera, nyerere zimalondera nsabwezo monga mbusa alondera ng'ombe: zimaluma ndi kuthamangitsa kachilombo kalikonse kofuna kudya ziweto zawo, ndipo zimatha kuchotsa mazira ndi mphutsi za adani a nsabwe.

Mzere wa nyerere uli ndi phindu limodzi kwa mlimi: umamulozera nthambi imene pali nsabwe kapena tizilombo tina toyamwa. Kupatula apo, nyerere zikachuluka pamtengo, adani a nsabwe amalephera kugwira ntchito yawo.

Abwenzi anayi a mlimi

Woyamba ndi kachikumbu kozungulira ngati theka la nsawawa, konyezimira, kofiira, kachikasu kapena kakuda kokhala ndi madontho ndi mizere yowala. Kumwera ndi kum'mawa kwa Africa kumapezeka kwambiri mitundu ya Cheilomenes. Kachikumbu kamodzi kamadya nsabwe makumi angapo patsiku. Kamaikira mazira achikasu, oimirira m'kagulu, pafupi ndi nsabwe. Mphutsi yake siifanana ndi kholo m'pang'ono pomwe: ndi yakuda kapena yotuwa, yamawangamawanga, ya miyendo isanu ndi umodzi, yooneka ngati kang'ona. Alimi ambiri amaipha poiyesa mdani, chonsecho mphutsi imodzi imadya nsabwe mazana isanakule. Pali tizikumbu tina tofanana nato timene timadya masamba a maungu ndi mbewu zina. Timeneti thupi lake n'losanyezimira, laubweya wosalala, ndipo timasiya tsamba litatsala mitsempha yokha.

Wachiwiri ndi ntchentche yamizere yakuda ndi yachikasu yofanana ndi njuchi, imene imatha kuima malo amodzi m'malere uku ikukupiza mapiko. Siluma. Yaikulu imadya mungu ndi timadzi ta m'maluwa, koma imaikira mazira oyera, limodzilimodzi, pakati pa nsabwe. Mphutsi yake ilibe miyendo, ndi yobiriwira kapena yoderako, yosongoka kumutu. Imagwira nsabwe, kuinyamula m'mwamba, kuiyamwa mpaka kutsala khungu, n'kugwiranso ina.

Wachitatu ndi kachilombo kobiriwira, kowonda, kamaso onyezimira ndi mapiko oonekera ngati ukonde, komwe nthawi zina kamabwera panyale usiku. Mazira ake ndi osavuta kuwazindikira chifukwa lililonse limakhala pansonga ya kaulusi koimirira patsamba. Mphutsi yake ili ndi mano awiri opindika ngati chikwakwa, ndipo mitundu ina imasenza makungu a nsabwe zimene yadya pamsana pake kuti ibisale.

Wachinayi ndi wamng'ono kuposa onse, koma ntchito yake ndi yaikulu: kamavu kakuda kosaposa nsabweyo kukula, kosaluma munthu. Kakakazi kamabaya nsabwe n'kuikira dzira limodzi m'thupi mwake. Mphutsi imaswa m'katimo n'kumadya nsabweyo ili moyo, mpaka imafa, kufufuma ndi kuuma n'kukhala ngati kambewu kotuwa kapena kagolide komatirira patsamba. Pakatha pafupifupi milungu iwiri chiikireni dzira, kamavu katsopano kamaboola kabowo kozungulira pamsana pa chigobacho n'kutuluka. Kamavu kamodzi kamatha kubaya nsabwe zoposa 100. Mlimi akaona zigoba zotuwazi pakati pa nsabwe zakuda, adziwe kuti zambiri mwa zamoyozo zabayidwa kale ngakhale zikuoneka zathanzi.

Kuonjezera pa anayiwa, akangaude, mbalame zing'onozing'ono ndi matenda a chuku amene amagwira nsabwe nyengo yachinyezi nawonso amathandiza.

Zimene mbiri ikuphunzitsa

Kukula kwa mphamvu ya timavu kudaoneka poyera ku California, m'dziko la America, komwe kumalimidwa mtedza wa m'mitengo wotchedwa walnut. Kwa zaka zambiri nsabwe yachikasu yotchedwa Chromaphis juglandicola, imene idalowa m'dzikolo kuchokera kunja popanda adani ake, inkavutitsa alimi ndipo ankapopera chaka ndi chaka. Mu 1959 akatswiri a ku University of California adabweretsa kamavu kotchedwa Trioxys pallidus kuchokera ku France. Kadakhazikika m'madera ozizirirako a m'mbali mwa nyanja, koma kadalephera m'chigwa chotentha cha m'kati mwa California, komwe kuli minda yambiri. Mu 1968 adabweretsa kamavu kamtundu womwewo kuchokera ku Iran, dziko lotentha ndi louma ngati chigwacho. Kameneka kadafalikira msanga, ndipo m'zaka zochepa nsabwe ija idasiya kukhala vuto lalikulu. Mpaka lero alangizi a kumeneko amachenjeza kuti nsabweyi imabukanso m'minda momwe mwapoperedwa mankhwala opha tizilombo tamtundu uliwonse polimbana ndi mbozi, chifukwa timavu timafera limodzi.

Malawi nayenso ali ndi mbiri yotere. Mu 1986 nsabwe yamitengo ya mkungudza yotchedwa Cinara cupressi idapezeka m'dziko muno, koyamba mu Africa, ndipo idaumitsa mitengo yambiri m'nkhalango zobzala, osasiyanso mkungudza wachilengedwe wa paphiri la Mulanje. Kupopera nkhalango yonse kudali kosatheka. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a zankhalango adamwaza kamavu kotchedwa Pauesia juniperorum kochokera ku Ulaya, ndipo kadakhazikika n'kuthandiza kuchepetsa nsabweyo. Akuluakulu a ku Nkhata Bay amakumbukiranso kodikodi, kachilombo koyamwa ngati nsabwe, amene adasakaza chinangwa m'zaka za m'ma 1980. Chimene chidamugonjetsa, kuno ndi m'maiko ambiri a mu Africa, ndi kamavu kochokera ku South America, kwawo kwa kodikodiyo, komwe kadafalitsidwa motsogozedwa ndi bungwe la International Institute of Tropical Agriculture.

Nkhani zitatuzi zikugwirizana pa mfundo imodzi: kachilombo koyamwa kamasanduka mliri pamene adani ake palibe. Mwayi wa mlimi wa makadamiya ndi wakuti adani a nsabwe yakuda ali kale m'munda mwake ndi m'tchire lozungulira. Safunika kuwagula kapena kuwaitanitsa kunja. Chofunika n'kusawapha.

Chifukwa chimene nsabwe zimabwerera atapopera

Mankhwala ambiri amene amapezeka m'misika, monga cypermethrin ndi dimethoate, sasankha: amapha nsabwe, tizikumbu, timavu ndi njuchi zomwe. Ndipo adani a nsabwe ndiwo amafa ambiri, chifukwa amayendayenda pamasamba opoperedwa posaka chakudya, pomwe nsabwe zina zimapulumuka zitabisala m'masamba opiringizika momwe mankhwala safika.

Zopulumukazo zimayambiranso kubereka nthawi yomweyo, ndipo zamapiko zimafika kuchokera kumitengo ina. Pakatha mlungu mbadwo watsopano wakula. Koma kachikumbu kamafuna milungu itatu kapena inayi kuchokera padzira kufika pokula, ndiponso kayenera kuchokera kwina kudzapeza mundawo. M'milungu imeneyo nsabwe zimaswana popanda woziletsa. Kupopera mankhwala amodzimodzi mobwerezabwereza kumabweretsanso vuto lina: nsabwe zimene thupi lawo limapirira mankhwalawo ndizo zimatsala n'kubereka ana opirira ngati izo, kufikira mankhwala aja atasiya kugwira ntchito.

Njuchi nazo n'zofunika kuzikumbukira. Maluwa a makadamiya amagwira mtedza wambiri pamene njuchi zanyamula mungu kuchokera kumtengo wamtundu wina. Kupopera mitengo ili m'maluwa kuli ngati kuthamangitsa aganyu tsiku lokolola, ndipo kumapweteketsanso mnansi amene ali ndi ming'oma yake.

Kuyendera munda

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chida choyamba polimbana ndi nsabwe ndi maso a mlimi. Kamodzi pamlungu, makamaka pamene mitengo ikuphuka masamba atsopano kapena ikuchita maluwa, mlimi ayende modutsa pakati pa munda, asankhe mitengo 10 m'malo osiyanasiyana, ndipo pamtengo uliwonse atembenuze nsonga zisanu kumbali zonse. M'mawa dzuwa lisanatenthe ndiyo nthawi yabwino.

Pansonga iliyonse adzifunse mafunso atatu. Kodi pali nsabwe? Kodi pali mazira achikasu, timphutsi, mazira a paulusi kapena zigoba zotuwa? Kodi pali nyerere? Mayankho alembe m'kope, ngakhale ndi timizere chabe, kuti athe kufananiza mlungu uno ndi wathawo.

Akapeza nsabwe pamodzi ndi adani ake, amange kansalu panthambiyo n'kubwerera pakapita masiku atatu kapena anayi. Nthawi zambiri adzapeza gulu lachepa kapena latha. Akapeza nsabwe ndi nyerere zambiri popanda adani, ntchito yoyamba ndi kutsekereza nyerere. Akapeza kuti nsabwe zikuchulukirachulukira pambande kapena pamitengo yaing'ono, adani kulibe ndipo nsonga zayamba kupinimbira, pamenepo ndiye pofunika kuchitapo kanthu.

Kusamala abwenzi a m'munda

Timavu, ntchentche zonga njuchi ndi tizilombo tamapiko aukonde tikakula timafuna mungu ndi timadzi ta m'maluwa kuti tikhale moyo wautali ndi kuikira mazira ambiri. Munda wopalidwa mbee kuchokera malire mpaka malire ulibe chakudya chawo. Mlimi asiye mzere wa zomera zochita maluwa m'malire ndi pamigula: mpendadzuwa, mpiru wosiyidwa kuti uchite maluwa, deliya, ngakhale chisoso. Pansi pa mtengo penipeni papalidwe ndi kuphimbiridwa, koma kunja kwake udzu ungodulidwa m'malo mozulidwa wonse. Kutentha tchire lozungulira munda m'chilimwe kumapha abwenziwa pamalo pomwe amabisala podikira mvula.

Nandolo, khobwe ndi soya zimakopa adani a nsabwe ndipo zimaonjezera chonde, koma zimakopanso anunkhadala. M'munda wa mitengo yobereka, mbewu zimenezi ziyenderedwe pamodzi ndi mitengo, ndipo zikololedwe pa nthawi yake.

Nyerere zimatsekerezedwa podulira nthambi zonse zokhudza pansi ndi kuchotsa udzu wautali umene ungakhale mlatho, kenako kukulunga thunthu ndi kapulasitiki kapena nsalu yolimba n'kupakapo zomata. Girisi kapena mafuta a galimoto asapakidwe pakhungwa lenilenilo chifukwa amawotcha mtengo, makamaka waung'ono. Chokulungacho chimasulidwe nthawi ndi nthawi kuti chisamange thunthu pamene likukula.

Feteleza wa nayitirojeni, monga yureya, akachuluka amatulutsa masamba anthete ambiri nthawi imodzi, omwe ndi phwando la nsabwe. Kuthira pang'onopang'ono motsatira malangizo, pamodzi ndi manyowa owola bwino, kumakulitsa mtengo mosathamanga.

Pamene kuchitapo kanthu kwafunika

Njira zofatsa ziyambe. Pambande zochepa, nsabwe zimatha kufinyidwa ndi zala kapena kukokololedwa ndi madzi a mphamvu a m'sipuleya yotsuka bwino. Madzi osungunuliramo sopo wouma wochapira pang'ono, osati waufa, amapha nsabwe zimene awakhudza ndipo akauma sasiya poizoni patsamba. Ayesedwe kaye panthambi imodzi, n'kudikira tsiku, kuti aoneke ngati sakuwaula masamba. Madzi a masamba kapena njere za nimu, ndi a masamba a mthuthu, nawonso amathandiza ndipo mphamvu yake imatha msanga padzuwa. Komabe mthuthu umapha nsomba, choncho otsala ake asatayidwe mumtsinje, m'dambo kapena pafupi ndi damu la nsomba.

Chilichonse chimene chasankhidwa chipoperedwe pansonga zogwidwa zokha, kunsi kwa masamba, madzulo njuchi zitabwerera. Mitengo yopanda vuto isiyidwe kuti ikhale pothawira pa adani a nsabwe.

Mankhwala a m'sitolo akhale njira yomaliza, mlimi atakambirana ndi mlangizi wa zaulimi wa dera lake, pakuti safunsa adadya phula. Agulidwe kwa wogulitsa wovomerezeka, m'botolo lake lenileni lokhala ndi chizindikiro ndi malangizo; bungwe la Pesticides Control Board ndilo lili ndi udindo wovomereza mankhwala otere m'dziko muno. Mankhwala otapidwa m'timabotolo topanda dzina sadziwika mphamvu yake ngakhale tsiku lothera ntchito. Wopopera avale zodzitetezera, asadye kapena kusuta ali pantchito, ndipo ana ndi amayi oyembekezera asayandikire. Masiku olembedwa pabotolo oyenera kudutsa asanakolole asungidwe, chifukwa mtedza wambiri wa makadamiya wa m'dziko muno umagulitsidwa kunja, komwe ogula amayeza zotsalira za mankhwala. Botolo likatha litsukidwe katatu, madzi ake athiridwe m'sipuleya, ndipo libooledwe kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta ophikira.

Mtedza wapansi pakati pa mizere

Mabanja ambiri amabzala mtedza wapansi pakati pa mizere ya makadamiya podikira kuti mitengo ikule. Mtedzawu uli ndi nsabwe yakeyake yakuda, Aphis craccivora, yomwe kuopsa kwake n'kwakuti imafalitsa matenda a kadukutu. Apa adani a nsabwe paokha sakwanira, chifukwa nsabwe yamapiko imatha kupatsira matendawa isanadyedwe. Chitetezo chake n'kubzala ndi mvula yoyamba, kubzala mothithikana motsatira muyezo kuti masamba aphimbe nthaka msanga, kusankha mbewu zopirira kadukutu, ndi kuzula mtedza womera wokha m'chilimwe umene umasunga nsabwe ndi matenda kufikira dzinja lotsatira. Tizikumbu ndi timavu timene taswana pamtedza wapansi timakweranso m'mitengo, choncho kupopera mosasamala pansi kumalanda mitengo alonda ake.

Udindo wa mudzi ndi wodi

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mwambiwu udanenedwa za nsabwe za m'zovala, koma ukukwanira bwino pa za m'munda. Tizilombo sitidziwa malire a minda. Mlimi mmodzi akasamala abwenzi ake pamene anansi onse akupopera mlungu ndi mlungu ndi kutentha tchire, phindu lake limachepa. Mudzi wonse ukagwirizana, aliyense amapindula.

Makalabu ndi makopaletivu a alimi angathe kusankha tsiku limodzi pamlungu loyendera minda pamodzi, kuti wodziwa mphutsi ya kachikumbu aonetse wosadziwa. Alimi otsogola angasunge tsamba la nsabwe zouma zija m'botolo loonekera, lotsekedwa ndi kansalu, kuti anthu adzionere okha timavu tikutuluka. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, pamodzi ndi mafumu, ali ndi mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'mudzi oletsa moto wolusa ndi okakamiza wofuna kupopera kudziwitsa eni ming'oma tsiku lisanafike. Makhansala angatengere kukhonsolo madandaulo a madera amene alangizi safikako komanso a misika momwe mukugulitsidwa mankhwala osadziwika. Aphunzitsi nawo angatengere ophunzira kumunda wa sukulu, popeza maso a ana sachedwa kuona kadzira kapaulusi komwe wamkulu wakadutsa.

Mafunso okambirana pamsonkhano wa kalabu kapena wa mudzi

1. Kodi ndi angati mwa alimi a m'kalabu amene angasiyanitse mphutsi ya kachikumbu ndi kachilombo koononga?
2. Kodi chaka chatha banja lililonse lidaononga ndalama zingati pa mankhwala, ndipo ankalimbana ndi kachilombo kanji kwenikweni?
3. Ndi minda iti m'mudzi imene ili ndi maluwa m'malire m'miyezi ya chilimwe, ndipo nsabwe zimavuta motani m'minda imeneyo poyerekeza ndi ina?
4. Kodi eni ming'oma ya njuchi ndi alimi a makadamiya a m'mudzi ali ndi pangano lanji pa za nthawi yopopera?
5. Kodi mabotolo otha a mankhwala amatayidwa kuti?

Mayankho a mafunsowa alembedwe ndi kuperekedwa kwa mlangizi wa dera kapena kwa khansala wa wodi. Ndipo mlimi aliyense, asanatsegule botolo mlungu uno, ayambe watembenuza nsonga zisanu pamitengo 10, amange kansalu pamene wapeza nsabwe, n'kubwererapo pakapita masiku anayi.